Bwana, yambani mwadziwa mtima wanu musanatsogolere anthu pa ntchito

Msodzi wa ku Malindi kapena ku Makanjira salowa pa nyanja asanaone kumene mphepo ikuchokera. Mwera ukalimba amadziwa kuti lero ndi losoka maukonde kumtunda. Antchito nawo amawerenga nkhope ya bwana wawo chimodzimodzi. Mukamalowa pa geti m'mawa, mlonda, wophika ndi kalaliki amakhala ataona kale mayendedwe anu ndi mmene mwayankhira moni, ndipo agamula kale ngati lero ndi tsiku lokuuzani kuti jenereta ikudontha oilo kapena lokhala chete. Akakhala chete, jeneretayo idzafa Loweruka usiku alendo atadzaza loji, inu n'kuyamba kukalipa kuti, "Bwanji simunandiuze?" Chinawatseka pakamwa ndi nkhope ija.

Kwathu kuno wantchito satsutsa bwana pamaso. Amati "Chabwino bwana" ngakhale zinthu zisali bwino. Ulemu umenewu ndi wokoma, koma uli ndi mtengo wake: munthu akangokwezedwa kukhala kapitawo, hedimasitala, manijala wa loji kapena mkulu wa chipatala chaching'ono, amakhala womaliza kumva zoona za khalidwe lake. Popeza palibe adzakuuzeni mwa iye yekha, kudzidziwa muyenera kukuchita dala, ndi ndondomeko, monga mmene mumawerengera katundu wa m'sitolo. Akatswiri awiri a ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, analemba mu 1990 kuti kuzindikira zimene ukumva mumtima, kuzindikira zimene ena akumva, ndi kugwiritsa ntchito chidziwitsocho posankha chochita, ndi mtundu wa nzeru pawokha. Nzeru imeneyi imakula ndi chizolowezi.

Kope la masabata awiri

Tengani kope wamba la ana asukulu, ndipo lizikhala m'chikwama, osati pa desiki. Tsamba lililonse ligaweni zigawo zisanu: nthawi, chimene chinachitika, chimene thupi linachita, dzina la zimene munamva mumtima, ndi chimene munanena kapena kuchita. Mukaweruka madzulo khalani mphindi zisanu n'kulemba zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zakusunthani mtima tsikulo. Chitani zimenezi masiku 14 osadumphitsa. Masiku atatu sakwana, chifukwa chimene mukusaka ndi zinthu zobwerezabwereza.

Mzere wolembedwa bwino umakhala wotere: 2 koloko masana, dalaivala wafika mochedwa kuchokera ku Monkey Bay, ayezi wasungunuka m'mabokosi a nsomba, kumaso kwatentha, nsagwada zalimba, mantha kuti wogula wa ku Limbe akana katundu, ndamukalipira pamaso pa onyamula katundu.

Chigawo chachinayi ndicho chimavuta. Ambiri amalemba "ndinakhumudwa" pa chilichonse, pomwe kukhumudwa n'kosiyana ndi manyazi, ndipo manyazi n'ngosiyana ndi mantha, nsanje, kutopa kapena kudziona wonyozedwa. M'chitsanzo chija anthu anaona mkwiyo, koma pansi pake panali mantha. Kusiyanitsako kuli ndi ntchito. Mantha otaya wogula amatha mukamuimbira foni ndi kutumiza munthu kukagula ayezi wina, pomwe kukalipa sikuziziritsa nsomba ngakhale imodzi. Ndiponso kungotchula dzina kumathandiza thupi. Mu 2007 Matthew Lieberman ndi anzake pa yunivesite ya UCLA anapeza kuti anthu akamaona zithunzi za nkhope zokwiya kapena zamantha n'kutchula dzina la zimene nkhopezo zikuonetsa, kachigawo ka ubongo kochenjeza za zoopsa, kotchedwa amygdala, kamachita bata pang'ono.

Masiku 14 akatha, werengani kope lonse ndi cholembera chofiira, n'kumazunguliza zinthu zitatu: nthawi imene imabwerezeka, munthu amene amabwerezeka, ndi mtundu wa nkhani. Wina adzapeza kuti amapsa mtima pakati pa 1 koloko ndi 3 koloko masana, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Mangochi likamaswa mtengo. Wina adzapeza kuti ndi Lolemba lililonse akangotsiriza kulankhula ndi akuluakulu a ku likulu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo moto umene walandira pa foni amautsanulira pa woyamba kugogoda chitseko. Wina ndi sabata yomaliza ya mwezi, thumba lake lomwe likauma. Mukapeza dzina limodzi likubwera kasanu kapena kupitirira, dzifunseni moona mtima ngati vuto ndi ntchito ya munthuyo, kapena ndi chifukwa choti anaphunzira kukuposani, amakondedwa ndi anzake, kapena anafunsiranso udindo umene muli nawowu.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti kope limasanduka buku la milandu ya antchito. Mukaona kuti chigawo chachiwiri chikudzaza tsamba pomwe chachitatu ndi chachinayi zili ndi mawu amodziamodzi, dziwani kuti mwasiya kudzifufuza, mwayamba kufufuza ena.

Thupi limayamba, pakamwa pamatsatira

Mkwiyo sugwa ngati mphezi. Ubongo ukaona choopsa, ngakhale chitakhala chabe mawu onyoza pamsonkhano, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, manja amachita thukuta, mapewa amauma. Pa nthawi imeneyo munthu amamva pang'ono ndipo amaona njira imodzi yokha. Chigawo chachitatu cha kope chija chikuuzani chizindikiro chanu choyamba. Kwa ena ndi kutentha kwa makutu, kwa ena ndi kugwedeza mwendo, kwa ena ndi kusiya Chichewa n'kuyamba kulankhula Chingerezi mofulumira.

Mukangomva chizindikirocho, musayankhe. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka 4, kenako tulutsani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani maulendo asanu ndi limodzi, yomwe ndi mphindi imodzi yokha. Kutulutsa kuzitalika kuposa kukoka, chifukwa mtima umachepetsa liwiro pamene mpweya ukutuluka. Mukamakoka mpweya wambiri mofulumira mungowonjezera chizungulire.

Ngati mphindi imodzi sinakwane, imitsani nkhani. Konzeranitu chiganizo chimodzi choti muzinena nthawi zotere, monga: "Nkhaniyi ndaimva. Tikumane 3 koloko tiimalize." Tchulani nthawi yeniyeni. Mukangoti "tionana" n'kutuluka, wantchito amakhala tsiku lonse mtima uli m'mwamba, ntchito n'kuima. John Gottman, amene anafufuza kwa zaka zambiri mmene anthu apabanja amakanganirana, amalangiza kupuma mphindi zosachepera 20 mtima ukathamanga kwambiri, chifukwa thupi silizizira msanga. Koma mphindi 20 zimenezo zisakhale zokonzekera mlandu m'mutu. Mukayenda mpaka pa mlatho wa Shire mukubwereza zimene mumuuze, mudzabwerako mutapsa kuposa poyamba. Imwani madzi, yendani, gwirani ntchito ina ya manja.

Pa foni lamulo ndi limodzi: musatumize uthenga wodzudzula pa gulu la WhatsApp la kuntchito, makamaka usiku, makamakanso uthenga wa mawu. Lembani ngati mtima wakana, koma sungani mpaka m'mawa. Uthenga wotumizidwa umasungidwa, umapita kwa ena, ndipo tsiku lina udzawerengedwa ku ofesi ya zantchito. Madzi akatayika saoleka.

Nthawi yoikira nkhani zovuta muziisankhanso. M'boma lino la Mangochi antchito ambiri ndi Asilamu, ndipo m'mwezi wa Ramadan munthu amene sanamwe madzi kuyambira m'bandakucha sakhala ndi mphamvu zomvera chidzudzulo 3 koloko masana. Ngati inunso mukusala, ndiye kuti nonse awiri muli pa udzu wouma. Nkhani zolemera ziikeni m'mawa isanakwane 10 koloko. Ramadan amafika msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho onani kalendala pokonza ndondomeko ya chaka. Msonkhano wa Lachisanu masana, nthawi ya kumzikiti, musauyese n'komwe.

Kufunsa anthu amene amaopa kuyankha

Kope limakuonetsani zimene inu mumaona. Zilipo zina zimene antchito onse amadziwa kupatula inu, monga chizolowezi chodula anthu mawu kapena choyang'ana foni wina akulankhula. Safunsa anadya phula, komanso wofunsa molakwika amadya lomwelo. Funso loti "Ndimakutsogolerani bwanji?" yankho lake ndi limodzi: "Bwino kwambiri bwana." Funsani chinthu chopapatiza, chimene munthu angayankhe popanda kuoneka wamwano: "Ndi chinthu chimodzi chiti chimene ndimachita pamsonkhano chimene chimakuvutani kuti mulankhule?" Kapena: "Mukanakhala inu pampando wangawu sabata yathayi, mukanachita chiyani mosiyana?"

Sankhani anthu atatu: mmodzi wa pansi panu, mmodzi wofanana nanu udindo, ndi mmodzi amene simumvana naye kwenikweni. Wachitatuyo ndiye amabweretsa za phindu. Mapepala osalemba dzina amathandiza pa gulu lalikulu, koma pa anthu asanu ndi mmodzi, aliyense amadziwa kuti bwana amazindikira kalembedwe ka dzanja lawo, ndiye amalemba zokoma zokhazokha. Pa gulu laling'ono gwiritsani ntchito mkhalapakati, monga mmene mfumu imamvera za m'mudzi kudzera mwa nduna zake: wantchito wachikulire amene anzake amamukhulupirira asonkhanitse mfundo n'kubwera nazo. Muuzeni poyera kuti mukufuna za khalidwe lanu basi, ndipo asatchule amene wanena. Mukangomufunsa kamodzi kuti "Wanena zimenezi ndani?", nduna yanu yasanduka kazitape, ndipo njirayo yafa.

Mukamva yankho, nenani "Zikomo, ndamva," n'kusiyira pomwepo. Musafotokoze chifukwa chimene munachitira zimenezo, ngakhale chifukwacho chili chomveka. Kudziteteza kumauza munthu kuti walakwa kunena. Kenako sankhani chinthu chimodzi, chisintheni mwezi usanathe, ndipo chikhale chooneka. Mukafunsa n'kusasintha kanthu, ulendo wachiwiri simudzamva kalikonse.

Pali muyeso wina wosavuta: werengani nkhani zoipa zimene zakufikani sabata ino kuchokera kwa antchito eni ake. Amy Edmondson wa ku Harvard, pofufuza magulu a anamwino m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti magulu otsogoleredwa bwino ndiwo anali ndi malipoti ambiri a zolakwika pa kaperekedwe ka mankhwala. Chifukwa chake chinali chakuti m'magulu amenewo anthu sankaopa kuulula. Choncho mwezi ukatha popanda wobwera kudzati "Bwana, ndalakwitsa," musasangalale. Zolakwika zilipo, zikungobisidwa.

Pamsonkhano muzilankhula pomaliza. Bwana akayamba kunena maganizo ake, ena onse amangovomereza. Yambani ndi wocheperapo udindo, ndipo mukafunsa funso werengani chamumtima mpaka 10 musanalankhulenso. Chete ameneyo amakusowetsani mtendere inuyo kuposa iwo. Amene amamasuka m'Chiyao muloleni anene m'Chiyao, wina atanthauzire. Mfundo yabwino imatayika munthu akamalimbana ndi chinenero.

Kudzudzula kopanda kunyazitsa

Kudekha sikutanthauza kulekerera. Bwana woopa kudzudzula amasunga zinthu mumtima miyezi itatu, kenako n'kuphulika pa kanthu kakang'ono, antchito n'kudabwa. Dzudzulani pasanathe masiku awiri chinthu chichitikireni, mtima utazizira koma nkhani isanaiwalike. Chitani pa awiri. Ngati ndinu bambo ndipo wantchito ndi mayi, khalani poti ena akuona koma sakumva, chitseko chili chotsekula kapena pansi pa mtengo panja, kuti pasabuke nkhani ina.

Mawu anu akhale ndi zinthu zitatu: liti ndi kuti, chimene munaona ndi maso anu, ndi zotsatira zake. Kenako funso. Mwachitsanzo: "Che Uje, Lachiwiri ndi Lachinayi mwafika 8 koloko m'malo mwa 7. Masiku onse awiriwo alendo anadikira chakudya cha m'mawa kwa ola lathunthu, ndipo anzanu a usiku anaweruka mochedwa. Chikuchitika n'chiyani?" Apa khalani chete mumvetsere. Mwina mwana ali m'chipatala, mwina njinga yathyoka, mwina palibe chifukwa. Musanamve simungadziwe. Akamaliza, bwerezani mwachidule zimene mwamva, kenako gwirizanani chimene chisinthe ndi tsiku loti mudzaonanenso, monga pakatha sabata ziwiri.

Mawu awiri amaononga zonse: "nthawi zonse" ndi "ndinu". Mukati "Mumachedwa nthawi zonse," munthu amayamba kukumbukira masiku amene anafika msanga, nkhani n'kusanduka mtsutso wa masiku. Mukati "Ndinu aulesi," mwatchula munthu m'malo motchula ntchito, ndipo palibe amavomera dzina lotere.

Nkhani ya msinkhu ndi yofunika kuikhalira pansi. Achinyamata ambiri ochokera ku koleji amapatsidwa udindo woyang'anira anthu a msinkhu wa makolo awo. Awa amalakwa m'njira ziwiri: ena amachita manyazi n'kusanena kanthu, ena amakweza mawu kuti aoneke kuti ndi mabwana. Zonse ziwiri zimachokera ku mantha omwewo oti sakulemekezedwa. Njira yake ndi kupereka ulemu wonse wa msinkhu n'kusunga mfundo yonse ya ntchito. Perekani moni wokwanira, funsani za kunyumba, itanani "Bambo" kapena "Mayi", khalani pansi nonse, musaime pamene iwo akhala. Kenako nenani zinthu zitatu zija osachotsapo kanthu. Munthu wamkulu amalandira mawu olimba ngati sanavulidwe ulemu pamaso pa ana.

Lamulo nalo lili kumbali ya kudekha. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho chikukhudza khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito, apatsidwe kaye mwayi wodziteteza. Mawu oti "Nyamukani, musabwerenso mawa" onenedwa mtima utatentha angakufikitseni ku khoti la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, ngakhale wantchitoyo analidi wolakwa.

Kumva za ena popanda kukondera

Mwini ukonde wa chilimira akaona kuti usipa wachepa masiku anayi otsatizana, mtima umathamangira kunena kuti alovi, asodzi ake aganyu, akugulitsa nsomba pa nyanja kapena siginala, wowatsogolera ndi nyali kumene kuli nsomba, wagona. Nthawi zina n'zoona. Koma ayambe wafunsa za mphepo, za mwezi ngati ukuwala, ndi zimene mabwato ena pa doko lomwelo abweretsa. Anthufe tikalakwa timaloza nyengo, mnzathu akalakwa timaloza mtima wake. Musanagamule, tchulani zifukwa zina ziwiri zimene zingachititse chinthu chomwecho. Ngati simukuzipeza, simunafunse mokwanira.

Muziona kusintha. Munthu wansangala akayamba kukhala chete, wosachedwa akayamba kuchedwa, kapena wina akamapempha adivansi mwezi uliwonse, muitaneni pambali: "Achimwene, masiku ano sindikukuonani ngati kale. Kunyumba kuli bwanji?" Akakana kunena, musaumirize. Akanena, sungani chinsinsi. Mukangouza mnzanu mmodzi, mawa lake zili pa msika.

Chifundo chili ndi msampha wake. Timamva chisoni msanga ndi amene timafanana nawo, wakumudzi kwathu, wa mpingo kapena mzikiti wathu, wolankhula chinenero chathu. Bwana sadziwa kuti akukondera, amangoona ngati akuthandiza. Yesani ndi manambala. Tengani mabuku a miyezi itatu yapitayi, lembani maina onse, ndipo pa dzina lililonse werengani ovataimu, maulendo a alawansi, masiku opita ku maliro amene munaloleza, ndi mashifiti a usiku kapena a Lamulungu. Ngati alawansi ikuzungulira pa anthu awiri, antchito anaziona kalekale. Konzani ndandanda yosinthana n'kuimata pa khoma, kuti mtima wanu usamagamule yekha.

Mukalakwa

Tsiku lina mudzakalipa ndithu. Pepesani pasanathe tsiku limodzi, ndipo pepesani pamalo pamene munalakwira: ngati munanyazitsa munthu pamaso pa anzake, kupepesa kwa mu ofesi chitseko chotseka sikukwana. Ziganizo zitatu zakwana: "Dzulo ndinakukalipirani pamaso pa anzanu. Ndinalakwa, pepani. Nkhani ya ayezi tikambirana pa awiri 10 koloko." Musaikemo "koma". Mukati "Pepani, koma inunso...", mwabweza kupepesa kwanu. Taonani kuti nkhani ya ntchito sinafe. Mwangoilekanitsa ndi kulakwa kwanu. Kupepesa kobwerezabwereza pa chinthu chomwecho kumatha mphamvu, choncho kukachitika kachitatu bwererani ku kope muone chimene chimayambitsa.

Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Pezani munthu mmodzi wa kunja kwa ntchito yanu, mnzanu wa udindo ngati wanu kwina, shehe, m'busa kapena wachibale wamkulu, woti muzikamba naye kamodzi pa mwezi. Asakhale wantchito wanu, chifukwa iye sangakutsutseni ndiponso mumusenzetsa katundu wosakhala wake. Ngati kope likuonetsa kuti kwa masabata awiri kapena kupitirira simukugona, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, mutu ukupweteka pafupipafupi, kapena mowa wawonjezeka kuti mupeze tulo, apo kupuma mpweya ndi kulemba sikukwana. Pitani ku chipatala mukayezetse kuthamanga kwa magazi, ndipo mukawafotokozere adokotala za tulo ndi za maganizo zomwe, osati za mutu wokha.